Mliri wa Covid-19 ndi abale athu a intersex muno mu Harare

M'bindikiro woyamba utayamba pa 30 Malichi 2020, wailesi ndi mauthenga a pafoni zinkatchula tsiku ndi tsiku anthu oyenera kusamala kwambiri: okalamba, odwala shuga, a BP, a mphumu, amene ali ndi HIV. Kuwatchula kunali koyenera. Koma panali anthu ena amene dzina lawo silinamveke n'kamodzi komwe, chonsecho ena mwa iwo akangodumphitsa mapiritsi masiku owerengeka moyo wawo umakhala pangozi. Awa ndi anthu a intersex, amene m'makomo mwathu timawanena monong'ona kuti "anabadwa ndi ziwalo ziwiri". Alipo ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, ku Mabvuku, ku Epworth, m'mabanja athu omwewa a ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito kuno.

Thupi la munthu limakhala lachimuna kapena lachikazi chifukwa cha zinthu zingapo zoyendera limodzi: makromozomu, tinthu tosaoneka ndi maso timene munthu amatengera kwa makolo ake, amene nthawi zambiri amakhala XX kwa mkazi ndi XY kwa mwamuna, ziwalo zam'kati zopanga mbewu, monga machende ndi timatumba ta mazira, mahomoni, amene ndi timadzi toyenda m'magazi tolamulira mmene thupi limakulira ndi kugwirira ntchito, ndi maliseche ooneka kunja. Munthu wa intersex ndi amene zinthu zimenezi sizinatsate njira imodzi pamene ankaumbika m'mimba mwa mayi ake. Zoti amakhala ndi maliseche awiri athunthu ogwira ntchito onse ndi nkhambakamwa chabe, thupi la munthu siliumbika choncho. Zimene zimachitika ndi zosiyanasiyana. Wina amabadwa maliseche ake osaonetsa bwino mbali imene ali. Wina ali ndi XY koma thupi lake silimva homoni yachimuna, ndiye amabadwa ndi kukula ngati mtsikana aliyense, mpaka anzake onse atatha msinkhu iye mawere atamera koma kusamba ayi. Wina amaleredwa ngati mtsikana, pofika zaka 13 mawu ayamba kunenepa, ndevu n'kutuluka. Bungwe la United Nations limati anthu oterewa akhoza kufika 1.7 pa 100 alionse tikawerenga mitundu yonse, ngakhale kuti amene amaonekera pobadwa pomwe ndi ochepa kwambiri. Dziko la Kenya linawawerenga m'kalembera wa 2019 n'kupeza 1,524, chiwerengero chimene chimasonyeza amene analimba mtima kuyankha, osati onse amene alipo.

Si ufiti, si tsempho, si mdulo, ndipo si chifukwa choti mayi anayenda njira ali ndi pakati. Komanso si nkhani ya amene munthu amagona naye. Ndi mmene thupi linabadwira basi.

Piritsi la tsiku ndi tsiku

Anthu ambiri a intersex ndi athanzi, samwa mankhwala alionse, ndipo kachilombo ka korona kanawagwira monga kanagwirira wina aliyense. Koma pali magulu awiri amene mliri unawapanikiza koopsa.

Loyamba ndi la amene ali ndi vuto lotchedwa CAH. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamapanga homoni ya cortisol. Homoni imeneyi ndi imene imachirikiza thupi munthu akadwala, akavulala kapena akatentha thupi, poteteza kuti BP ndi shuga wam'magazi zisagwe. Kachiwalo komweko kamapanganso aldosterone, yosunga mchere ndi madzi m'thupi. Mwa mwana wa CAH tiziwalo timeneti timalephera kupanga cortisol yokwanira, m'malo mwake timatulutsa mahomoni achimuna ochuluka. N'chifukwa chake mwana wamkazi amabadwa maliseche ake akuoneka ngati achimuna, mwina mpaka kulembedwa kuti ndi mnyamata. Mtundu waukulu wa CAH umapezeka mwa mwana pafupifupi mmodzi pa ana 15,000 obadwa, ndipo atatu mwa anayi alionse a iwowa matupi awo amataya mchere.

Mankhwala ake ndi odziwika kuyambira kale: hydrocortisone, wolowa m'malo mwa cortisol, amene ana amamwa katatu patsiku, ndi fludrocortisone, wolowa m'malo mwa aldosterone. Amamwa moyo wonse. Ndiye pali lamulo la tsiku lodwala. Thupi likatentha kupitirira madigiri 38, mlingo wa hydrocortisone umachulukitsidwa kawiri, nthawi zina katatu, malinga ndi mmene dokotala wake anamulangizira. Akamasanza moti piritsi silikukhala m'mimba, pamafunika jakisoni mwamsangamsanga. Zikapanda kutero BP imagwa, mchere umatsika, shuga amatsika, munthu amalefuka, amakomoka, ndipo atha kumwalira m'maola ochepa.

Tsono kumbukirani zizindikiro za Covid-19: kutentha thupi, kufooka, kwa ena kusanza ndi kutsegula m'mimba. Ndi zomwezo zimene zimafuna mlingo wowonjezera. Mapiritsi oyenera kutha mwezi ankatha mwezi usanafike pakati. Uthenga umene tonse tinkaumva, wakuti ngati zizindikiro ndi zochepa khalani panyumba, imwani madzi ambiri, fukizani masamba a zumbani, unali wothandiza kwa anthu ambiri. Kwa munthu wa CAH amene wayamba kusanza unali uthenga wopereka ku imfa, ndipo panalibe amene anaima pa wailesi n'kunena kuti iweyo usadikire, thamanga.

Makanda ndi amene amandiwawitsa mtima kwambiri. Khanda lotaya mchere limaoneka bwinobwino masiku oyambirira. Ngozi imabwera sabata yachiwiri kapena yachitatu: limaleka kuyamwa, limasanza, limaonda, limangogona. Chaka cha 2020 makiliniki a khonsolo ankatsekedwa namwino akapezeka ndi kachilombo, anamwino a m'zipatala za boma ananyanyala ntchito kuyambira mu Juni kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo galimoto yopita kuchipatala usiku inali yosowa. Amayi ambiri anachirira kunyumba. Mzamba akaona maliseche achilendo amanong'onezana ndi agogo, ndipo kawirikawiri mfundo imene amamanga ndi yakuti mwana asaonedwe ndi anthu. Chonsecho maonekedwe amenewo ndiwo chenjezo limene likanapulumutsa mwanayo, chifukwa namwino wodziwa ntchito akawaona amadziwa kuti magazi ayezedwe lero lomwe. Khanda likamwalira sabata yachitatu limaikidwa mwakachetechete, ena n'kumati anali malodza. Imfa yotere silembedwa m'chiwerengero cha Covid-19, koma mliri umakhala utaikapo dzanja.

Gulu lachiwiri ndi la amene matupi awo sapanga mahomoni achikazi kapena achimuna okwanira. Ena anabadwa choncho, monga atsikana amene ali ndi X imodzi yokha kapena amuna a XXY. Ena anachotsedwa machende kapena timatumba ta mazira ali ana, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo wonse umadalira oestrogen kapena testosterone wa m'famase. Anthu amaganiza kuti awa ndi mankhwala ongokometsera thupi. Ayi. Munthu akawasiya thupi limatentha mwadzidzidzi, tulo timathawa, mphamvu zimatha, mtima umasweka popanda chifukwa, ndipo pakapita miyezi ndi zaka mafupa amayamba kufumbwa moti mtsikana wa zaka 25 amakhala ndi mafupa a nkhalamba.

Nanga mankhwalawo ankachokera kuti? Ambiri amene timagula muno amachokera ku India ndi ku South Africa. Pa 3 Malichi 2020 dziko la India linaika malire pa kutumiza kunja mitundu 26 ya mankhwala ndi zopangira zake, kuphatikizapo paracetamol ndi homoni ya progesterone. Ndege zinaima. Pa Beitbridge, malire athu ndi South Africa, panatsekedwa kwa anthu wamba, ndipo mabasi amene ankabweretsa timaphukusi kuchokera kwa achimwene ndi achemwali a ku Johannesburg analeka kuyenda. Mabanja ambiri njira yawo inali imeneyo, chifukwa mahomoni si mankhwala amene umangowapeza pa kiliniki ya pafupi. Otsala anali a m'mafamase a m'tauni, pa madola a ku America, m'chaka chimene kukwera mitengo kwa zinthu kunafika 837 peresenti mu Julaye. Mu Epulo chaka chomwecho mabenchi a ogulitsa malonda anagwetsedwa ku Mbare ndi m'madera ena. Anthu ambiri a intersex anasiya sukulu msanga chifukwa chotonzedwa, ndiye amadya za kugulitsa, kuluka tsitsi ndi maganyu. Pamene ndalama ya ufa ndi ndalama ya piritsi yakhala imodzi, munthu amayamba kunyema piritsi pakati kuti litalike, osadziwa kuti theka la mlingo silimuteteza tsiku limene thupi latentha.

Chitupa chikunena china, nkhope ikunena china

M'bindikiro unayendetsedwa ndi mapepala. Makombi analetsedwa, kunatsala mabasi a kampani ya boma ya ZUPCO. Kuchoka ku Mufakose kapena ku Mabvuku kupita m'tauni munthu ankadutsa pa marodibuloko a apolisi ndi asilikali, ndipo ankafunika kalata yosonyeza chimene akuyendera pamodzi ndi chitupa. Pa chitupa chathu, pambali pa nambala, pamalembedwa CIT M kapena CIT F, kutanthauza nzika yaimuna kapena nzika yaikazi. Ndiye taganizirani munthu amene analembedwa F ali khanda, koma lero ali ndi ndevu ndi mawu a bambo. Wapolisi akuyang'ana chitupa, akuyang'ana nkhope, akuti chitupachi mwaba. Kuti adziombole ayenera kufotokoza za maliseche ake pamaso pa basi yonse. Akanena kuti akukatenga mankhwala, funso lotsatira ndi lakuti mankhwala a chiyani. Masiku ena onse munthu yemweyu ankakwera kombi, kutsika, kugula mapiritsi ake n'kubwerera popanda womufunsa. Ufulu wosafunsidwa umenewu ndi umene mliri unamulanda, ndipo sindidabwa kuti ena anasankha kukhala panyumba opanda mankhwala.

Ena chitupa chomwecho alibe. Lamulo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 atabadwa, ndipo pafomu pali malo awiri okha, mwamuna kapena mkazi. Makolo ena amati tiyeni tidikire tione akamakula, mwana n'kufika msinkhu wolemba mayeso alibe setifiketi yobadwira. Ena amalota mwachangu n'kulota molakwa, ndipo kukonza pambuyo pake kumafuna makalata a madokotala ndi maulendo osatha. Nthawi ya m'bindikiro ntchito zambiri za ku maofesi a kalembera, monga ku Makombe, zinaima.

Kwa ife a Chichewa chingwechi chili ndi mfundo ziwiri. Makolo athu ambiri zitupa zawo zinalembedwa ALIEN, kutanthauza mlendo, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri anatsala opanda dziko. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'ndime 43, anabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, komabe mpaka lero alipo mabanja amene agogo alibe pepala, amayi alibe pepala, ndiye mwananso sangalembetsedwe. Onjezanipo mwana amene fomu ilibe malo ake. Wopanda chitupa sangalembetse simu m'dzina lake, ndiye ndalama za pafoni sizimupeza, ngakhale kathandizo kochepa kamene boma linkatumiza kudzera pafoni. Katemera atayamba pa 18 Febuluwale 2021 ku chipatala cha Wilkins, pamene wachiwiri kwa pulezidenti Constantino Chiwenga anabayitsa koyamba, pamzere ankafunsa chitupa kuti alembe khadi. Pofika Ogasiti chaka chomwecho boma linati m'matchalitchi mulowe okhawo amene abayitsa. Katemerayo analibe choletsa chilichonse kwa anthu a intersex, ndipo a CAH ndiye ankafunika kukhala kutsogolo kwa mzere.

Obwerera kuchokera ku South Africa ndi ku Botswana ankasungidwa kaye m'masukulu ndi m'makoleji monga ku Belvedere, amuna kwawo akazi kwawo, mabafa ogawana. Kwa munthu amene wakhala zaka zonse akusamala kuti wina asamuone akuvula, masabata amenewo anali aatali.

Chinsinsi chikatsala kunja kwa geti

Apa ndi pamene ndikufuna makolo anzanga timvane. M'mawodi a Covid-19 gadiyani sankaloledwa. Wodwala ankalowa yekha, amayi kapena azakhali amene amadziwa mbiri yake n'kutsala kunja kwa geti. Vuto ndi lakuti anthu ambiri a intersex sanauzidwepo zoona za matupi awo. Anangouzidwa kuti unali ndi chotupa uli mwana ndiye anachotsa, kapena kuti mapiritsiwa ndi opatsa mphamvu, uzingomwa. Munthu wamkulu wa zaka 30 sadziwa dzina la vuto lake, sadziwa dzina la piritsi lake, amangodziwa kuti ndi kakang'ono koyera kamene amayi amamugulira. Afike ali befu m'wodi imene namwino mmodzi akusamalira anthu ambirimbiri, ndani auze dokotala kuti uyu akufunika jakisoni wa hydrocortisone pompano?

Ndikudziwa kuti makolo amabisa chifukwa cha chikondi. Amaopa kuti mwana adzasekedwa, sadzakwatiwa, banja lidzanenedwa pa mjigo ndi pa maliro. Kubisira anansi palibe cholakwa, mwana ali ndi ufulu woti thupi lake lisakhale nkhani ya m'mudzi. Koma kubisira mwini thupi n'kumusiya wopanda chida tsiku limene inu simudzakhala pambali pake, ndipo mliri unasonyeza kuti tsiku lotere limafika mosagogoda.

Palinso mantha a chipatala chenichenicho. Ambiri amakumbukira ali ana akuvulidwa pamaso pa gulu la ophunzira udokotala, akujambulidwa, akukambidwa ngati iwo palibe. Munthu wotere chifuwa chikamuthina amayamba waganiza kuti akandigoneka wodi iti, akandivula ndani, ndipo amazengereza mpaka mpweya utatsika kwambiri.

Kunyumba nako sikunali kopumira. M'mafulati a ku Mbare monga Matapi, banja lonse lili m'chipinda chimodzi, zimbudzi ndi mabafa ndi za anthu onse. Amene ankasamba anthu atapita kuntchito anapeza kuti palibenso wopita kuntchito. Masukulu anatsekedwa pa 24 Malichi 2020, ndipo ana amene matupi awo anayamba kusintha mosayembekezeka m'miyezi imeneyo anasinthira pamaso pa abale onse, usana ndi usiku. Bungwe la Musasa linalandira madandaulo 764 a nkhanza za m'banja m'masiku 11 oyambirira a m'bindikiro, pamene masiku onse linkalandira 500 mpaka 600 pa mwezi wathunthu. Nyumba zothawirako zimene zilipo ndi za amayi ndi atsikana, ndiye amene maonekedwe ake amadzutsa mafunso amaopa kuti akakagogoda akabwezedwa. Abale atakhala ndi nthawi yambiri, ena anayamba kukakamiza zopita kwa asing'anga ndi kwa aneneri kuti akachotse chiwanda chimene kulibe.

Chimene chinkawalimbitsa mtima ambiri ndi kukumana ndi anzawo, kudzera m'mabungwe monga Intersex Community of Zimbabwe. Kwa munthu amene anakula akuganiza kuti ali yekha padziko lonse, kukhala m'chipinda chimodzi ndi wina wonga iye ndi mankhwala. Misonkhano italetsedwa zonse zinasamukira pa WhatsApp, koma bandulo imafuna ndalama, ndipo foni imene imagwiridwa ndi nyumba yonse si malo okambirapo za m'kati mwa zovala.

Maopaleshoni amene anaimitsidwa

Zipatala zinaimitsa maopaleshoni osakhala adzidzidzi, ndipo nkhani imeneyi ili ndi mbali ziwiri. Kuyambira m'ma 1950 madokotala m'maiko ambiri akhala akudula ndi kusoka maliseche a makanda a intersex kuti aoneke achimuna kapena achikazi, mwana asanathe kulankhula. Akuluakulu ambiri amene anachitidwa zimenezi amadandaula zipsera, ululu, kusamva kukoma pogonana, kusabereka, ndipo ena anasankhiridwa mbali imene si yawo. Chodulidwa sichibwerera. Dziko la Malta linaletsa maopaleshoni otere mu 2015 pokhapokha mwini wake atavomera. Mu 2022 Kenya inaika ana a intersex m'lamulo lake la ana. Mu 2023 komiti ya Africa yoona za ufulu wa anthu inapereka chigamulo nambala 552 chopempha maiko kuti aleke kudula ana popanda chifukwa chachipatala, ndipo pa 4 Epulo 2024 khonsolo ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inavomereza chigamulo chake choyamba chokhudza anthu a intersex, South Africa ili m'gulu la maiko ochibweretsa. Choncho mwana amene tsiku lake la mpeni linadutsa chifukwa cha m'bindikiro, ine ndimati anapatsidwa nthawi yoti akule adzanene yekha.

Koma alipo maopaleshoni ofunikadi, monga pamene mkodzo sukutuluka bwino. Aliponso akuluakulu amene njira yawo ya mkodzo imaning'a chifukwa cha zipsera za maopaleshoni a ali ana, ndipo amafunika kuonedwa kawirikawiri. Amenewa anadikira miyezi ali mu ululu, akudwala matenda a chikhodzodzo mobwerezabwereza. Makolo a makanda atsopano anadikira zoyeza magazi zoti ziwauze vuto lenileni, pamene abale akuwaumiriza ndi funso lija lakuti mwana ndi wanji.

Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 si ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse tsopano. Fomu yolembetsera mwana ikadali ndi malo awiri, mankhwala akadali odula, ndipo mabanja ambiri akadali chete. Zina zimafuna boma ndi Nyumba ya Malamulo, koma zina banja likhoza kuchita sabata ino. Munthu aliyense amene amamwa hydrocortisone akhale ndi kakhadi m'chikwama kolembedwa m'Chingerezi dzina la vuto lake, dzina ndi mlingo wa mankhwala, ndi mawu akuti akakomoka kapena akamasanza abayidwe hydrocortisone mosazengereza. Dokotala wake alembe ndi kudindapo. Pakhale mapiritsi osungira a mwezi umodzi ngati n'kotheka, ndipo m'nyumba mukhale munthu wachiwiri wodziwa lamulo la tsiku lodwala, osati amayi okha. Mwana auzidwe zoona pang'onopang'ono molingana ndi msinkhu wake. Ndime 76 ya malamulo aakulu a dziko imati munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi pa chipatala chilichonse, ndipo siifunsa ngati ali ndi chitupa kapena ngati chitupacho chikufanana ndi nkhope.

Izi si zodikira mliri wa dziko lonse. Kolera anavuta ku Glen View ndi ku Budiriro mu 2018, anavutanso ku Kuwadzana mu 2023, ndipo madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zathu sanasinthe. Wodwala kolera amapatsidwa madzi a mchere ndi shuga kapena diripi, ndipo ambiri amachira ndi zimenezo. Kwa mwana wa CAH madziwo paokha sakwanira, pamafunika ndi jakisoni wa hydrocortisone, ndipo namwino wa pamsasa wa kolera sangadziwe zimenezo pokhapokha wina atamuuza kapena atawerenga pa khadi.